Kompyuta ya pa Windo la Mankhwala

9 Febuluwale

Okondedwa amake Wailesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, amayi, ndi Wailesi wathu wosazimayo. Ine kuno ndili bwino. Kachifuwa kaja kakadalipo pang'ono, koma si kanthu, ndi fumbi la m'chipinda.

Musaseke kuti munthu wa makompyuta akulemba kalata ndi cholembera. Pa foni sindimasuka. M'chipinda muno timagona anthu ambiri, ukangoti "mkazi wanga" onse makutu tcheru, wina mpaka amasiya kutafuna kuti amve bwino. Ndiye poti alamu anga, achimwene anu aja, akumabwera kuno ndi lole, makalata ndiziwapatsira iwowo. Mu envelopumu muli fulashi yakuda. Musampatse Wailesi, aiyesa switi.

Nkhani yake ndi iyi. Pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito pa windo la mankhwala kuchipatala kwanuko, yolembera odwala, kuitanitsa mankhwala ndi kusindikiza timapepala tomata pa mabotolo, mukudziwa kale kuti ndi ya kampani yathu ino. Chimene simukudziwa n'chakuti akuluakulu agamula kuti aizimitsa kumapeto kwa Julayi. Tapanga yatsopano. Pa makompyuta a mu ofesi muno ikuthamanga, pa matabuleti ikuyenda, koma pa makompyuta akale ngati yanu yolira ngati chigayo ija ikukana ndi kutseguka komwe.

Ndikufotokozereni pang'ono, poti mutu wanu umagwira msanga kuposa wanga. Pulogalamu siichita zonse yokha. Kuwerengera, kusanja mayina, kusunga masiku, zonsezo imabwereka ku mtolo wa tizida topangiratu umene umakhala m'kompyuta iliyonse. Mtolowo timautcha laibulale, ngakhale mulibe buku n'limodzi lomwe. Laibulale ya m'kompyuta yanu ndi ya kalekale. Pulogalamu yatsopano ikapempha chida, imapeza mulibe, basi n'kufa. Zili ngati kalipentala wopita ku ntchito chimanjamanja, kudalira kuti nyumba iliyonse akapezamo sowo. Ntchito yanga tsopano ndi yoti pulogalamuyi izinyamula laibulale yakeyake kulikonse kumene yapita. Kuti zitero ndiyenera kusintha chomangira, ndiye kuti pulogalamu ina imene imatenga zonse zimene ife talemba n'kuzilumikiza kukhala chinthu chimodzi choti inu mutsegule. Chomangiracho chinazolowera kutola laibulale iliyonse imene chaipeza pafupi, ndipo ine ndiyenera kuchisiyitsa khalidwe limenelo.

Bwana wathu timawatcha a Dzulo, chifukwa ukawafunsa kuti ntchito mukuifuna liti, amati dzulo. Iwo amafuna kuti makompyuta akale angotayidwa, zipatala zigule atsopano. Ine pa msonkhano ndinakweza mkono. Ine, amake Wailesi, mlendo m'dziko la eni, wa chitupa chogwirira ntchito chotsala miyezi yochepa! Ndinati zipatala zazing'ono sizigula kanthu, zingobwerera ku mabuku, mankhwala azichedwa, ndipo kalaliki wa pa kompyuta sadzafunikanso. Mumtima ndinkaona inu pa windo paja, ndi amayi pa benchi akudikira mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi.

A Dzulo ananditembenukira. "Akalewo muno tinataya onse. Uziyesera pati?"

Ndinati mkazi wanga ali nayo.

"Chabwino, waiputa wekha. Ikayenda pa akale, kontirakiti tikuwonjezera, chitupa chako ndikusainira. Ikakanika usadzandifunse."

Ndiye mwamva, tonse awiri tikudyera pa chigayo chanucho. Mupemphe asisitala akuloleni nthawi ya nkhomaliro. Mulowetse fulashi, mukopere zonse, mutsegule, kenako mundiuze zimene yachita. Yakale musaifufute.

Kangachepe ndapatsira alamu. Mumugulire Wailesi nsapato, zotsalazo amayi azikwera njinga popita kuchipatala, miyendo yotupayo asamayendere pansi.

Ndine wanu,
Bambo a Wailesi

6 Malichi

Amake Wailesi,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti miyendo ya amayi yaphwako, tithokoze Mulungu. Ine ndili bwino.

Chithunzi munatumiza pa foni chija ndinachiona. Kabokosi kofiira, ati laibulale yofunika sinapezeke. Ndinali pa desiki buledi ali m'manja, buledi ndinamusiya pomwepo mpaka anauma gwa. Ndisakubisireni, ndinapita kukakhala kuchimbudzi ngati wotsegula m'mimba, kuopa kuti a Dzulo aona nkhope yanga. Inunso abale, nkhani yoipa mumaitumiza m'mamawa munthu asanamwe ndi tiyi yemwe?

Cholakwika ndachipeza. Ndinauza chomangira kuti chinyamule laibulale yathu, ndipo chinanyamuladi, inalimo m'fulashimo. Koma sindinachiletse kusuzumira ya m'kompyuta yanga. Ndiye chinamanga pulogalamu yodalira ya kunoyi, yathu yonyamula ija n'kungokhala katundu wosamasula. Pa kompyuta yanga sizikanaoneka, poti chilichonse chimene pulogalamu ikufuna chilimo kale. Tsopano ndatseka njira zonse zopita ku laibulale ya mwini kompyuta. Nditangotseka, ya matabuleti inagwa, chifukwa matabuleti ali ndi malamulo awoawo, samva zimene ndauza anzawo. Ndakonza ya matabuleti, ya makompyuta atsopano yayamba kudandaula. Ndimatuluka muno mutu ukuzungulira, mpaka tsiku lina ndinakwera basi yolakwika.

Pali mayi wina muno amene ntchito yawo ndi kuyesa zimene ife tapanga. Timawatcha a Sizinatheke, poti mawu otuluka pakamwa pawo ndi amenewo. Si munthu woipa, amandigawirako tiyi wa m'fulasiki yawo. Anapempha a Dzulo kuti agule kompyuta imodzi yakale kwa ogulitsa zakutha, pamodzi ndi pulinta yake ya timapepala, kuti tiziyesera pompano. A Dzulo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndigule zinyalala? Uyu si wati ali ndi mkazi wake kumeneko?"

Nkhani inathera pomwepo.

Mwini nyumba wakweza lendi, ati magetsi adula. Magetsi ake ati, babu limodzi lomwe timachita kuliomba kuti liyake? Ndiye kangachepe ka mwezi uno kachepadi, mundikhululukire. Koma makina anu osokera musagulitse, zivute zitani. Amenewo ndi mwendo wanu wachiwiri.

Wailesi ndinamumva pa foni akuimba nyimbo ya kusukulu kuyambira poyambira mpaka mayunitsi anatha. Mumuuze kuti abambo anamva yonse, ndipo akuti vesi lachiwiri analipeka yekha.

Fulashi yachiwiri ndi imeneyo. Chonde, amake Wailesi, ulendo uno mundipatseko nkhani yabwino. Mtima wanga watopa, kabokosi kena kofiira ngati kaja sindikudziwa ngati ndingakasenze.

Bambo a Wailesi

3 Epulo

Amake Wailesi,

Muli bwanji nonse? Amayi ali bwanji? Lamulungu lapitali ndinafuna kumva mawu awo, munati apita kwa aneba. Muwauze kuti mwana wawo akuti asamayendeyende. Ine ndili bwino.

Uthenga wanu ndinaulandira: inatseguka, inaonetsa tsamba loyamba, kenako inangozimiririka yokha osatsanzika. Aaa! Ndinawerenga katatu, mwina mawu asintha. Mwina munamva pa foni paja kuti mawu anga sanali bwino. Sindinkakalipira inu, ndinkakalipira tsoka langa.

Ulendo uno vuto linali m'laibulale yathu yomwe. Anaipanga ndi malamulo amene ubongo wa makompyuta atsopano umamva, koma wa yanu suwadziwa. Ikangolamulidwa chimene siikudziwa, imangogwa. Ndiye ndachita kuimasula laibulale yonse n'kuimanganso ndekha, ndi malamulo akale amene kompyuta iliyonse imamva. Chomangira tsopano chimayamba chamanga laibulale, kenako pulogalamu, n'kuzimangirira pamodzi, katatu: ya akale, ya atsopano, ya matabuleti. Zonse zitatu zikutuluka popanda kudandaula. A Sizinatheke ayesa ziwiri zimene angathe kuyesa muno, ndipo anangoti "hmm". Kwa iwowo kumeneko ndi kululutira.

Alamu adzakuuzani zambiri, mlomo wa achimwene anuwo mukuudziwa. Musamvere. N'zoona kuti kuchipinda kuja sanandipezeko, anachita kulondoleredwa ku ofesi kuno. N'zoonanso kuti anaona makatoni ndi bulangeti kuseri kwa mashelefu a m'sitolo ya ofesi, mosungira katundu muja. Nanga munthu ukamagwira ntchito yambiri sungapumuleko masana? Za kuonda, ine ndinabadwa wochepa thupi, amayi angakuuzeni. Chifuwa anachimvacho chinangokumana ndi utsi wa lole yawo.

A Dzulo akuti kumapeto kwa mwezi uno akufuna yankho. Ikayenda, akalembera zipatala zonse zazing'ono kuti zisagule kanthu, zidikire yatsopano. Ikakanika, ntchito ya makompyuta akale itsekedwa, ndipo dzina langa pa desiki pano alimatula. Anachita kunena akumwetulira, akusenda lalanje.

Ndiye fulashi iyi ndi yomaliza, sadzandipatsanso mpata wina. Muyese zonse: mulembe wodwala, muitanitse mankhwala, musindikize kapepala. Ine ndingokhala maso pa foni. Mundipempherere, poti ine mapemphero anga akumathera pakhosi.

Bambo a Wailesi

29 Epulo

Mkazi wanga, mayi wa mwana wanga,

Moni, moni, moni! Lero ndikati ndili bwino mundikhulupirire. Ngakhale chifuwa chachita manyazi.

"Ikuyenda, bambo a Wailesi." Mawu anu amenewo ndawawerenga mpaka foni yatentha. Ndinadzuka pa mpando, mpando unagwa, anzanga anayesa ndalumidwa ndi kanthu. Ndinalowa mu ofesi ya a Dzulo osagogoda, foni patsogolo ngati tochi. Anawerenga, anandigwira dzanja, koyamba chifikireni changa muno. Ati mapepala a chitupa changa adzasaina mu Ogasiti, zipatala zonse zikasamukira ku yatsopano.

Koma pokoma sipalephera ntchentche. A Sizinatheke anandiitanira pa desiki yawo.

"Ikuyenda ndiye kuti chiyani? Yalemba wodwala? Yasindikiza?"

Ndinati mwayesa zonse, ndinakuuzani ndekha zoti muyese.

"Ndione chithunzi cha kapepala kamene yasindikiza. Ndionenso fayilo imene pulogalamu imalembamo zonse zimene yachita. Mapulinta akale aja amayendera kachidutswa ka pulogalamu kochokera kwa eni ake opanga pulinta, muno sitinakayesepo. Mawu a mkazi wa munthu si mayeso."

Ndinapsa mtima, amake Wailesi. Ndinawauza kuti mkazi wanga kawiri konse wandiuza kuti yakanika, osandinyengerera, mpaka buledi kundiumira m'manja. Lero anene zabwino ndiye akhale wabodza? Ndinati mayi ameneyo chikwatirane sanandinamizepo, ngakhale pa mchere. Iwo anangotseka fulasiki yawo, tiyi sanandigawire. Ndikudziwa ndinalankhula mokweza, mawa ndikawapepesa.

Komabe tiwatseke pakamwa. Ndabweza fulashi yopanda kanthu. Mkati mwa pamene munakopera pulogalamu muli kafayilo kolembedwa tsiku, mukakopere m'fulashimo. Mujambulenso kapepala kamodzi kali pa botolo. Si kuti ndikukukayikirani, ndi mwambo wa ntchito chabe.

Ndayamba kuganiza zambiri. Chitupa chikatuluka ndidzapeza chipinda changachanga, cha windo. Ndachiona kale china kuseri kwa malo ochapira magalimoto, pali mpopi pakhomo pomwepo. Mudzabwera ndi Wailesi pa holide, adzaone masitepe oyenda okha a m'sitolo yaikulu. Ameneyo adzalankhula chaka chathunthu. Amayi tidzawatengera kwa dokotala weniweni wa miyendo.

Ndagula kansalu kobiriwira, alamu akupatsani. Musandikalipire, ndikudziwa nthawi yake si ino. Musoke nokha pa makina anu, ndidzakuoneni mutavala.

Amayi muwauze kuti mwana wawo wapambana. Lamulungu ndidzaimba masana, asapitenso kwa aneba.

Wanu mpaka kale,
Bambo a Wailesi

10 Juni

Amake Wailesi,

Ndikhulupirira muli bwino monga munalembera. Ine ndili bwino, kungoti kunja kwayamba kuzizira ndipo simenti ya muno siikhululuka.

Fulashi yabwera yopanda kanthu monga inapitira. Mwati munaiwala, kenako asisitala anatseka chipinda. Chithunzi mwati kamera ya foni Wailesi anaigwetsa. Mwana ameneyo! Koma nanga alamu alibe foni? Ndinawafunsa, anati yawo yadzadza. Chabwino, ndamva. Ndikudziwa kuti pa windo paja pamakhala mzere, si inu nokha amene mumaiwala zinthu.

Dzana kunali msonkhano womaliza. A Dzulo anafunsa ngati titumize pulogalamu ku zipatala zonse. A Sizinatheke anati iwo ya makompyuta akale sanaione ndi maso awo, ndipo dzina lawo silikhalapo. A Dzulo anatembenukira kwa ine.

"Ndiye uikepo lako. Ukutsimikiza?"

Ndinati ndikutsimikiza. Ndinasaina. Yapita, amake Wailesi. Zipatala zauzidwa kuti zisagule makompyuta. Zambiri zikuti zidzaiika tsiku lomaliza lenilenilo, anthu sasiya chimene anazolowera mpaka chitazimitsidwa. Inu nokha ndi amene muli patsogolo pa onse. Mundiuzeko, ikufulumira kuposa yakale? Zilembo za pa kapepala zikuoneka bwino? Mumangoti ikuyenda, ikuyenda. Kale munkandifotokozera ngakhale mtundu wa kabokosi.

Kansalu kaja mwati simunasoke, makina akuvuta. Akuvuta chiyani? Ngati ndi lamba, alamu akhoza kugula kuno.

Za amayi zikundidandaulitsa. Ndikaimba m'mawa mukuti sanadzuke, masana ali kwa aneba, madzulo agona kale. Amayi anga ogona ndi nkhuku anayamba liti? Ngati ndinawalakwira mundiuze. Mwina akwiya kuti chaka chino sindinabwere. Muwafotokozere za chitupa, kuti ndikatuluka chisanasainidwe sindingalowenso. Mankhwala awo asadumphitse.

Mupsompsone Wailesi, ngakhale waswa kamera.

Bambo a Wailesi

4 Ogasiti

Amake Wailesi,

Foni yanu ikungoitana. Ya asisitala ikungoitana. Ndikulemba nditaimirira, alamu akuliza injini.

Yakale anaizimitsa monga ananenera. M'mawa mwake mafoni a mu ofesi muno sanapume. Chipatala ichi, chipatala icho, onse mawu amodzi: ikutseguka, ikulemba wodwala, koma ukangodina kuti isindikize kapepala imafa, n'kutaya ndi oda ya mankhwala yomwe. Paliponse pamene pali kompyuta yakale. Anthu ali pa mizere, mankhwala sakuitanitsika.

A Dzulo anandiimika pakati pa ofesi, anthu onse akuona. "Si unati ikuyenda?" Ndinati pa kompyuta ya mkazi wanga ikuyenda kuyambira mu Epulo. Ndinanena kawiri. A Sizinatheke sanandiyang'ane, anangoweramira pa desiki.

Ndiye ndithandizeni msanga. Yanu ikusiyana pati ndi za anzanu? Pulinta yanu ndi yomwe ija, kapena anakusinthirani? Pali chimene munadina chimene ena sakudina? Ndikangodziwa chimenecho ndipulumutsa zonse. Yankhani foni, chonde, ngakhale mphindi imodzi.

Mwaona, ndayamba ndi kuiwala moni. Nonse muli bwanji?

Bambo a Wailesi

12 Sepitembala

Mkazi wanga,

Lero sindiyamba monga ndimayambira. Sindili bwino. Chifuwa chija si fumbi, ndipo zimene zikumatuluka m'mawa sindizilemba pano. Kuchipinda kuja anandithamangitsa mu Malichi. Ku sitolo ya ofesi nakonso ndinachoka, poti kiyi analanda tsiku limene anamatula dzina langa pa desiki. Kontirakiti yatha, chitupa chatha, ndikaona yunifolomu iliyonse ndimakhotera m'kanjira, ngakhale ya mlonda wa pa banki. Ndikugona pa malo oimikapo malole, ndikuthandiza kutsitsa katundu akandilola.

Alamu andiuza. Musawakalipire, ndinawakakamiza. Tinakhala pa tayala, iwo akusewera ndi makiyi, kenako anayamba:

"Alamu, inafa tsiku lomwelo la mu Epulo. Achemwali anangodina kusindikiza, basi. Anayesa mpaka nkhomaliro inatha, kenako anabwerera ku yakale."

Ndinati nanga anandilemberanji kuti ikuyenda?

"Ine ndinali nditawauza za makatoni aja, ndi mmene munkatsokomolera. Inunso munali mutalemba kuti kabokosi kena kofiira simungakasenze. Analira usiku wonse. Anati bola mupume kaye, mwina pofika Julayi muona nokha cholakwikacho. Kenako mwatumiza nsalu, mwayamba za chipinda cha windo. Akanayambira pati?"

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinaponya botolo la madzi mpaka linakagunda lole ya eni ake. Ndinakutchulani mawu amene sindinakutchulenipo. Koma mkwiyo unasowa poima. Amene anapempha nkhani yabwino ndine. Ndinkayesa ndikulembera mkazi wanga, osadziwa kuti ndikulamula woyesa ntchito yanga zoti ayankhe. Ndipo kalata iliyonse ine ndinkayamba ndi ndili bwino, nditakhalira katoni.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti vutolo linali laling'ono. A Sizinatheke analiloza kale. Kachidutswa koyendetsa pulinta kaja kamagwiritsabe ntchito laibulale ya mwini kompyuta, pamene pulogalamu ikugwiritsa yathu yonyamula. Ziwirizo zikakumana pa kapepala kamodzi zimalimbana, pulogalamu n'kugwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Kunali kungokapatula kachidutswako kuti kazigwira ntchito pakokha, kunja kwa pulogalamu. Ndinakonza masana amodzi, tsiku loti mawa lake andichotsa. Ndinapita nayo kwa a Dzulo, sanailandire ndi m'manja momwe. Ati makompyuta akale kampani yawatsekera khomo, amene akufuna agule atsopano, ndipo sadzamveranso mlendo wokweza mkono pa msonkhano. A Sizinatheke anandiperekeza mpaka pa geti, anandipatsa fulasiki yawo ija. Sananene kuti ndinakuuza.

Ndamvanso kuti kwanuko abwerera ku mabuku, ndipo pa windo paja akhalapo anamwino okha. Ndamva kuti kompyuta ija aiphimba ndi nsalu pakona, ndipo inu muli pakhomo kuyambira mu Ogasiti. Makina osokera sanali kuvuta lamba, munagulitsa mu Meyi. Sindikufunsani chifukwa, kapena ndinene kuti ndikuopa kufunsa, poti inu simukanagulitsa makina amenewo chifukwa cha nsapato kapena sopo.

Fulashi ndaiikamo. Muli pulogalamu yokonza ija, yoyenda bwinobwino, yopanda woifuna. Mumupatse Wailesi aziseweretsa. Ndalama ulendo uno mulibe, musavutike kugwedeza envelopu.

Alamu akuti akhoza kundibisa kuseri kwa mipando ulendo wa mwezi wamawa. Ine ndikukayika. Ndibwera ndi chiyani, chifuwa ndi fulasiki?

Tsopano imva, iwe mkazi wanga, ndikutchule iwe ngati kale tisanakhale ndi mwana. Sindikukusungira kanthu kumtima. Unandikonda molakwika, inenso chimodzimodzi. Koma kuyambira pamene alamu anandiuza zija, ndakhala ndikubwereza mauthenga ako onse m'mutu. Mawu akuti ikuyenda unawalemba mu Epulo. Kuyambira mwezi womwewo mawu a amayi sindinawamvenso. Uthenga uliwonse umati amayi ali bwino, akupereka moni.

Ndinawafunsa alamu. Anadzuka pa tayala paja, n'kuyamba kuzungulira lole, kumenya matayala ndi chitsulo limodzilimodzi, matayala amene anali atawayesa kale. Atabwerera anati, "Zimenezo mukafunse achemwali."

Foni ndikuiopa, sindikuimbira. Undilembere kalata, alamu abwera nayo. Usayambe ndi moni, usandiuze za Wailesi, usandifunse za chifuwa. Ngakhale kabokosi kake kakhale kofiira bwanji, ndikasenza, ndilibenso buledi woti aume m'manja. Undiyankhe chimodzi chokha.

Amayi alipo?

Mwamuna wako